Tchimo linachokera kuti, ndipo n'chiyani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndakhala ndikuwatola kwa zaka zingapo. Ena anachokera m'kalasi la ofuna kubatizidwa, ena pa siwa usiku abambo atazungulira moto, enanso kwa achinyamata amene amadikira kuti akuluakulu atuluke kaye ndiye afunse. Ine ndinakulira mu mpingo wa Chipresibateriya, ndiye kafungo kake mukamva ndithu, koma pamene mipingo imasiyana ndayesetsa kunena za aliyense monga mwini wake angazinenere.

Kodi tchimo n'chiyani?

Mukafunsa ana a Sande sukulu akuyankhani mwachangu: kuba, kunama, kutukwana. Sanalakwe, koma atchula zipatso, mtengo wake sanautchule.

Baibulo lili ndi mawu angapo pa nkhaniyi, ndipo lililonse likuonetsa mbali yake. Liwu lofala kwambiri m'Chihebri ndi la kuphonya. Pa Oweruza 20:16 timamva za amuna 700 amanzere a fuko la Benjamini, oponya miyala ndi gulaye, amene ankatha kulasa tsitsi limodzi osaphonya. Liwu la "kuphonya" pamenepo ndi lomwelo limene m'malo ena latanthauziridwa kuti "kuchimwa". Liwu la Chigiriki la m'Chipangano Chatsopano, hamartia, nalonso limachokera ku kuphonya komweko. Lina ndi la kupanduka, monga mfumu yaing'ono imene yakana kupereka msonkho kwa mfumu yaikulu. Lachitatu ndi la kupotoka, chinthu chimene chinali chowongoka n'kukhota. Davide anagwiritsa ntchito onse atatu m'mavesi awiri oyamba a Salimo 51.

Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, limati pa 1 Yohane 3:4, "tchimo ndilo kusayeruzika". Kusayeruzika ndi kukana kuyezedwa, kukana kuti pakhale wina wokuikira malire. Katekisimu wamfupi wa Westminster wa 1647, wa mipingo yochokera ku Scotland, amagawa pawiri: kulumpha lamulo la Mulungu, ndiponso kuperewera pa lamulolo. Mbali yachiwiriyi ndi imene timaiiwala. Yakobo 4:17 akuti wodziwa kuchita bwino koma osachita wachimwa. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya sanamenye munthu. Anangolambalala.

Kwa ine tanthauzo limene limandigwira mtima ndi la Martin Luther, mtsogoleri wa Apulotesitanti oyamba, amene anati wochimwa ndi munthu wopindikira mkati mwa iye mwini. Analengedwa kuti ayang'ane kwa Mulungu ndi kwa mnzake, koma wadzipinda ngati bongololo, moti ngakhale akamapemphera kapena kupereka chachikhumi amakhala akudziyang'ana yekha.

Tchimo linalowa bwanji m'dziko?

Nkhani yake ili pa Genesis 3, ndipo ndi yofunika kuiwerenga pang'onopang'ono chifukwa ambiri timaidziwa kuchokera pa zithunzi osati m'buku.

Lamulo linali limodzi, ndipo linayamba ndi ufulu: mitengo yonse ya m'munda udyeko, kupatula umodzi. Njoka itabwera siinayambe ndi kunena kuti Mulungu kulibe. Inafunsa funso lopotoza, ngati kuti Mulungu analetsa mitengo yonse. Mkazi anaikonza, koma naye anawonjezapo zake, kuti ngakhale kuukhudza mtengowo n'koletsedwa, mawu amene Mulungu sananene. Apa ndi pamene njoka inalavula ululu wake weniweni: simudzafa, Mulungu akungodziwa kuti mukadya mudzakhala ngati Iye. Kunena kwina, Mulungu ndi womana, akukubisirani zabwino. Chipatso chisanafike pakamwa, kukhulupirira kunali kutafa kale mumtima.

Mkazi anaona kuti chipatsocho n'chabwino kudya, n'chokoma m'maso, n'cholakalakika popatsa nzeru. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Anadya, napatsa mwamuna wake, ndipo lembalo likuti mwamunayo anali naye pomwepo. Abambo amene amakonda kunena kuti akazi ndiwo anatigwetsa awerengenso vesi 6. Lamulo linaperekedwa kwa Adamu mkazi asanalengedwe n'komwe, ndipo nthawi yonse imene njoka inkalankhula bambo ameneyu sanatsegule pakamwa. Paulo pa Aroma 5 akutchula Adamu monga khomo limene uchimo unalowera.

Zotsatira zake ndi zimene aliyense wolera ana amazidziwa. Tsiku lina ndinapeza mdzukulu wanga wa zaka zinayi atabisala kuseri kwa chitseko, shuga ali mbuu pamilomo mpaka pachibwano. Ndisanafunse kanthu anati, "Agogo, si ine, ndi mphaka." Palibe amene anamuphunzitsa zimenezi. Manyazi, kubisala, kukankhira wina: ndi momwe Adamu ndi Hava anachitira. Anasoka masamba a mkuyu, anabisala m'mitengo, ndipo atafunsidwa, mwamuna anati ndi mkazi amene Inu munandipatsa (taonani, mlandu wafika kwa Mulungu), mkazi anati ndi njoka.

Chodabwitsa n'chakuti liwu loti tchimo mulibe m'mutu 3 wonse. Likuyamba kupezeka pa Genesis 4:7, Mulungu akuchenjeza Kaini kuti tchimo lamubisalira pakhomo ngati chilombo, likumufuna, koma iye ayenera kuligonjetsa. Kuchokera apo zinthu zikuthamanga: m'bale kupha m'bale, kenako Lameki akudzitama kwa akazi ake awiri kuti wapha mnyamata chifukwa chongomupweteka, ndipo womukhudza iye adzabwezeredwa ka 77.

Chipatsocho chinali apozi? Ena amati chinali kugonana.

Zonse ziwiri mulibe m'Baibulo. Lembalo limangoti chipatso cha mtengo wodziwitsa zabwino ndi zoipa. Za apozi zinafala ku Ulaya, ndipo ambiri amati chinathandiza n'chakuti m'Chilatini liwu la apozi ndi liwu la choipa amalembedwa chimodzimodzi, malum.

Za kugonanazi ndimazimva kawirikawiri, anthu akutsinzinirana diso. Koma Mulungu anawauza kuti abalane achuluke pa Genesis 1:28, ndipo za kukhala thupi limodzi zili pa 2:24, njoka isanaoneke. Munthu sangachimwe pochita zimene walamulidwa. "Kudziwa zabwino ndi zoipa" n'kudziika pa mpando woweruza, kuti ine ndiye ndinene chabwino ndi choipa, osati Mlengi.

Ngati njoka inali yoipa kale, si ndiye kuti tchimo linayambira kwina?

Inde, Akhristu ambiri amakhulupirira kuti kupanduka kunayamba pakati pa angelo. Genesis sakutchula Satana, akungoti njoka inali yochenjera kuposa zamoyo zonse za m'thengo. Ndi Chivumbulutso 12:9 chimene chikutchula njoka yakale ija kuti Mdierekezi ndi Satana, ndipo Yesu pa Yohane 8:44 akumutcha wambanda kuyambira pachiyambi, tate wa bodza. Kalata ya Yuda ndi 2 Petro 2:4 zikunena za angelo amene anachimwa.

Koma tisamale. Nkhani imene imalalikidwa mokoma ija, yakuti Lusifara anali mkulu wa kwaya kumwamba, yasokedwa kuchokera pa Yesaya 14 ndi Ezekieli 28, pamene mitu imeneyi ikunena poyera kuti ikukamba za mfumu ya ku Babulo ndi mfumu ya ku Turo. Dzina loti Lucifer ndi liwu la Chilatini la nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha. Aphunzitsi akale a mpingo anaona chithunzi cha Satana kuseri kwa mafumu odzikuza amenewa, ndipo mwina sanalakwe, koma Baibulo lenilenilo silikamba zambiri za mmene mngelo wabwino anasandukira woipa.

Chimene likukamba momveka n'chakuti "Satana anandinyenga" si chodzikanira. Hava anayesa kunena zomwezo ndipo sizinamupulumutse. Munthu akagwidwa ndi ndalama za bungwe la maliro n'kumati ndi Satana chabe, mufunseni kuti Satanayo anasaina pati. Yakobo 1:14-15 akuti munthu amakokedwa ndi chilakolako chake cha iye mwini, chilakolakocho chimaima, n'kubala tchimo, tchimolo likakula limabala imfa. Yesu pa Marko 7:21-23 akuti zoipa zimachokera m'kati, mumtima mwa munthu.

Mulungu analenga zonse. Kodi tchimonso analenga ndi Iye? Nanga anaikiranji mtengowo?

Funso ili linavutitsa kwambiri Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Anabadwa mu 354 ndipo anamwalira mu 430. Ali mnyamata anakhala zaka pafupifupi 9 m'gulu la otsatira Mani, amene ankaphunzitsa kuti pali mphamvu ziwiri zosatha, ya kuwala ndi ya mdima, ndipo zoipa zimachokera ku yachiwiriyo. Chiphunzitso chimenechi n'chokoma chifukwa chimamuchotsera munthu mlandu. Augustine anadzachisiya atazindikira kuti choipa si chinthu cholengedwa chokhala ndi thupi lakelake. Ndi kuwonongeka kwa chinthu chabwino.

Taganizani za dzimbiri. Wosula amasula khasu, sasula dzimbiri. Dzimbiri silingakhalepo palokha popanda chitsulo choti lidye. Bodza limadalira lilime labwino ndi mnzako amene amakukhulupirira. Chigololo chimadya chinthu chabwino chimene Mulungu anapereka. Ngakhale Satana, mphamvu ndi nzeru zake ndi zobwereka.

Za mtengo, yankho limene mpingo wakhala ukupereka ndi lakuti chikondi chopanda mwayi wokana si chikondi. Mbuzi yomangidwa pachikhomo sitingaiyamike kuti siinalowe m'munda mwa eni. Mtengowo unali malo amodzi okha pamene munthu akanati, "Inu ndinu Mulungu, ine ndine wolengedwa." Irenaeus, bishopu wa ku Lyon cha m'ma 180, anawonjezapo ganizo lina, lakuti Adamu ndi Hava anali ngati ana, oyenera kukula pang'onopang'ono, ndipo anathyola msanga chimene akanapatsidwa nthawi yake itakwana.

Sindikunamizani kuti mayankho amenewa amatseka nkhani. Amene angafunse kuti, "Nanga poti Mulungu ankadziwiratu, analengeranji?" wafunsa funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo zaka mazana ambiri, ndipo otsatira Calvin ndi otsatira Arminius, aphunzitsi awiri akale a Chipulotesitanti, amayankha mosiyana mpaka lero. Onsewo amagwirizana pa Yakobo 1:13, kuti Mulungu sayesedwa ndi zoipa ndipo sayesa munthu.

Kodi "tchimo lobadwa nalo" n'chiyani? Khanda lalakwa chiyani?

Apa ndi pamene pali mkangano waukulu, ndipo unachitikira pa nthaka ya Africa.

Pelagius anali munthu wodziletsa kwambiri wochokera ku Britain, amene ankaphunzitsa ku Rome. Ankanyansidwa ndi Akhristu a kumeneko, olemera ndi otayirira, amene ankati thupi ndi lofooka, nanga titani. Atamva pemphero la Augustine lopempha Mulungu kuti apereke chimene walamula ndiyeno alamule chimene afuna, anakwiya. Kwa iye, Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe. Ankaphunzitsa kuti mwana aliyense amabadwa woyera monga Adamu asanachimwe, ndipo Adamu anangotisiyira chitsanzo choipa. Timachimwa poonera. Mzinda wa Rome utagwa m'manja mwa adani mu 410, Pelagius ndi mnzake Caelestius anathawira ku Africa, ndipo nkhani inabuka.

Augustine anayankha kuti ngati nkhani ili ya kuonera chabe, bwanji sipanapezeke ngakhale mudzi umodzi, banja limodzi, limene linaonera zabwino zokhazokha? Iye ankanena za zimene anaziona ndi maso: khanda losatha n'kulankhula komwe, nkhope itasintha ndi nsanje poona mnzake akuyamwa bere lomwelo, pamene mkaka ndi wokwanira onse. Ankakumbukanso za iye mwini ali ndi zaka 16, pamene ndi anzake anakagwedeza mtengo wa zipatso wa eni ake usiku. Sanali ndi njala, kwawo kunali zipatso zabwino kuposa zimenezo, ndipo zambiri anakaponyera nkhumba. Chimene chinamukoma chinali kuba kwenikweniko. Nditawerenga nkhani imeneyi koyamba ndinakumbuka nzimbe zimene tinkathyola m'dimba la gogo wina tikuchokera kusukulu, zosakhwima, zosatsekemera n'komwe, n'kumakazitaya panjira tikuseka. Kwathu nzimbe zinalipo.

Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, wa ku Ephesus mu 431 unatsimikiza, ndipo wa ku Orange mu 529 unanena kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso ya chisomo.

Choncho tchimo lobadwa nalo si chinthu chimene khanda lachita. Ndi mkhalidwe umene labadwiramo: kutalikirana ndi Mulungu, mtima wopendekera kwa iwo wokha, ndi imfa. Sitikhala ochimwa chifukwa chakuti tachimwa kaye. Timachimwa chifukwa mbewu yake ndi yotero. Davide akuti pa Salimo 51:5 anabadwa m'mphulupulu. Paulo pa Aroma 7 akudandaula kuti chabwino chimene akuchifuna sachichita, koma choipa chimene sachifuna ndicho achichita. Sindinakumanepo ndi munthu wamkulu amene anamva vesi limeneli n'kunena kuti sakulidziwa.

Pali kanthu kamodzi kamene Augustine anapunthwa nako, ndipo n'koyenera kukanena. Chigiriki sankachidziwa bwino, ankadalira Baibulo la Chilatini, limene pa Aroma 5:12 linkamveka ngati likuti onse anachimwa "mwa iye", kutanthauza mwa Adamu. Chigiriki chimamveka bwino ngati "chifukwa onse anachimwa", ndipo ndi mmene Buku Lopatulika linaikira. Chiphunzitsocho sichidalira vesi limodzi lokha, popeza mavesi 18 ndi 19 a mutu womwewo ndi olimba, koma kusiyana kumeneku n'kumene kunathandiza kuti Akhristu a kum'mawa ndi a kumadzulo ayende njira ziwiri.

Ndiye kuti mipingo siyigwirizana?

Imagwirizana kuti anthu onse ndi ochimwa ndipo sangadzipulumutse okha. Imasiyana pa kuya kwa bala.

Mipingo ya Orthodox, yowerenga Chigiriki, imati tinalandira kwa Adamu imfa ndi chivundi, osati mlandu wake. Kwa iwo tchimo lili ngati matenda ofuna sing'anga.

Akatolika, potsatira msonkhano wa ku Trent mu 1546, amati tchimo la Adamu limafika kwa aliyense mwa kubadwa osati mwa kutsanzira, ndipo ubatizo umalichotsa. Chimene chimatsala ndi chilakolako chokokera ku tchimo, chimene pachokha si tchimo mpaka munthu atachivomera. Chibadwa cha munthu chinavulala koma sichinaoleretu. Amakhulupiriranso kuti Maria anatetezedwa ku tchimo limeneli kuyambira pamene anaikidwa m'mimba, chiphunzitso chimene Papa Pius IX anachilengeza mu 1854.

Luther ndi Calvin anapita patali. Kwa iwo chilakolako chotsalacho ndi tchimo ndithu. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, amene anafika kuno ndi amishoni a Dutch Reformed omwe anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, amanena mosapsatira kuti mwachibadwa munthu amapendekera ku kudana ndi Mulungu ndi mnzake. Msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619 unalimbitsa zomwezo. Anthu amamva molakwa ngati akuti munthu aliyense ndi woipitsitsa. Chimene akunena n'chakuti palibe mbali ya munthu imene yatsala yosakhudzidwa, kaya nzeru, kaya chifuniro, kaya chikumbumtima. Dontho la parafini likagwera mu ufa, ufawo sukhala parafini, koma palibe mtanda wa nsima umene sununkha.

John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, anavomereza kugwa kwa munthu, koma anati chisomo cha Mulungu chimafika kwa aliyense choyamba n'kumupatsa mphamvu yoyankha. Anzathu Asilamu amasiyana nafe kotheratu apa: kwa iwo Adamu analapa, anakhululukidwa, ndipo mwana aliyense amabadwa wopanda banga.

Nanga khanda likamwalira lisanabatizidwe?

Amayi amene amafunsa funso ili nthawi zambiri sakufunsa za m'buku. Augustine anali wouma pa nkhaniyi, ankati makanda otere sapulumuka ngakhale chilango chawo n'chopepuka koposa. Mpingo sunamutsatire mpaka kumapeto. Kwa zaka mazana ambiri Akatolika ankakamba za limbo, malo opanda ululu koma osaona nkhope ya Mulungu, koma ichi sichinakhalepo chiphunzitso chokhazikitsidwa, ndipo mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu ku Vatican linanena kuti pali zifukwa zolimba zoyembekezera kuti ana otere amapulumuka. A ku Dort anauza makolo okhulupirira kuti asakayike za ana awo amene amwalira ali aang'ono. Abaptisti, a Seventh-day Adventist ndi a Pentekoste sabatiza n'komwe makanda. Ponena za tiana, Yesu anati Ufumu wa Mulungu uli wa totere.

Kodi mavuto anga akuchokera ku machimo a makolo anga? Andiuza kuti ndili ndi temberero la kumtundu.

Chiphunzitso chimenechi chafala kwambiri masiku ano. Mtsikana akachedwa kukwatiwa, bizinesi ikagwa, mwana akalephera mayeso kawiri, amauzidwa kuti agogo ake anachita pangano ndi mizimu, ndiye akufunika kumasulidwa, nthawi zina ndi kambewu kandalama pamwamba.

Vesi limene amagwira ndi Eksodo 20:5, lakuti Mulungu amalanga ana chifukwa cha atate awo kufikira mbadwo wachitatu ndi wachinayi. Muli choona m'menemo chimene tonse timachiona. Bambo akagulitsa munda n'kumwera kachasu, ana ndi zidzukulu amalima ganyu. Mwana wokulira m'nyumba ya nkhonya nthawi zambiri amadzamenyanso mkazi wake. Zotsatira za tchimo zimayenderera.

Koma mlandu suyenderera motero. M'masiku a Ezekieli anthu anali ndi mwambi wawo, wakuti atate adya mphesa zosapsa, mano a ana ndiwo ayayamira. Ife tili ndi wathu wotembenuza, wa nkhuyu zodya mwana zimene zinapota wamkulu. Mulungu pa Ezekieli 18 analetsa mwambi wa mphesawo, nati moyo wochimwawo ndiwo udzafa, mwana sadzasenza mphulupulu za atate wake. Ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, ndipo Yesu pa Yohane 9:3 anati palibe. Za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, anati sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Buku lonse la Yobu ndi mlandu wotsutsa abwenzi amene ankaumirira kuti wovutika aliyense ali ndi chimene anabisa.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chiphunzitso cha matemberero chimagwira ntchito yomwe ija ya Adamu m'munda. Mlandu umachoka pa ine n'kupita kwa agogo amene ali kumanda, osatha kudziyankhira, kapena kwa azakhali okalamba kumudzi amene mawa adzatchedwa mfiti.

Kodi machimo onse ndi ofanana?

Mbali ina inde, mbali ina ayi. Yakobo 2:10 akuti wokhumudwa pa lamulo limodzi wachimwira onse, chifukwa wolamula ndi mmodzi. Mtsuko ukang'aluka pamodzi, madzi amatha ndithu. Koma Yesu anauza Pilato kuti womupereka ali ndi tchimo loposa, ndipo 1 Yohane 5:16-17 akusiyanitsa tchimo la ku imfa ndi losati la ku imfa.

Akatolika amagawa machimo aakulu, amene amapha moyo wa chisomo mumtima, ndi aang'ono amene amaufooketsa. Kuti tchimo likhale lalikulu pafunika zitatu pamodzi: nkhaniyo ikhale yolemera, munthu adziwe bwino, ndipo achite mwadala. Kuyambira pa msonkhano wa ku Lateran mu 1215, Mkatolika amayenera kukalapa kwa wansembe kosachepera kamodzi pachaka. Apulotesitanti ambiri amakana kugawa kotere, poopa kuti munthu angamati aka n'kakang'ono, koma nawonso savomereza kuti kuba nkhuku n'chimodzimodzi ndi kupha munthu.

Mndandanda wotchuka wa mizu 7 ya machimo mulibe m'Baibulo. Unayamba ndi Evagrius, amene ankakhala m'chipululu cha Egypt m'zaka za m'ma 300 ndipo anawerenga maganizo oipa 8, kenako Papa Gregory Wamkulu cha m'ma 590 anaukonza. Mmene umadziwikira lero ndi kunyada, umbombo, chilakolako chonyansa, kaduka, kususuka, mkwiyo ndi ulesi. Taonani kuti yonseyi ndi ya mumtima. Palibe umene mungaujambule ndi foni.

Bwanji kutchalitchi tikamva za tchimo timangoganiza za chigololo ndi mowa?

Chilankhulo chathu chomwe chimatiulula. Tikati mnyamata "wachimwitsa" mtsikana, aliyense amadziwa kuti ndi mimba. Sindinamvepo wina akuti venda wachimwitsa mlimi.

Chifukwa chake n'chapafupi: mimba imaoneka. Ndakhalapo pa bwalo la mpingo pamene mtsikana wa zaka 17 anakhala pamkeka, mutu uli pansi, akulu a mpingo tili pamipando, n'kumudula kuti asadye mgonero. Mwamuna amene anamupatsa mimbayo sanaitanidwe, akuti anali wa mpingo wina. Pa mipando yathu ija panali bambo wina amene dera lonse linkadziwa kuti sikelo yake yogulira soya ndi yokonza, thumba la makilogalamu 50 limalemera 44 likafika pa iye. Lamulungu lotsatira ndiye ankagawa mkate. Ine ndinakhala chete tsiku limenelo, ndipo kukhala chete kumeneko ndi kwa pa Yakobo 4:17 kuja.

Sindikuti chigololo n'chopepuka, chimapasula mabanja ndipo chadzaza manda. Koma aneneri anakalipira kwambiri miyeso yonyenga, monga pa Amosi 8:5 ndi Miyambo 11:1. Yakobo 5:4 akuti malipiro a antchito amene munawabera akufuula. Ezekieli 16:49 akutchula mphulupulu ya Sodomu kuti inali kudzikuza, kukhuta, ndi kusathandiza wosauka. Mawu aukali koposa a Yesu sanapite kwa akazi adama, anapita kwa atsogoleri achipembedzo okuntha udzudzu n'kumeza ngamira. Ndipo pa Yohane 8, pamene anamubweretsera mkazi wogwidwa m'chigololo, mwamunanso panalibe.

Kodi makolo athu ankadziwa za tchimo amishoni asanabwere?

Ankadziwa kuti china chake chinasokonekera pakati pa Chauta ndi anthu. Nthano ya Achewa imati anthu oyamba anatsika ndi Chauta ndi nyama zonse pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, ndipo ankakhala pamodzi mumtendere. Tsiku lina munthu anapeka timitengo tiwiri, moto unabuka, tchire linapsa. Nyama zinathawa n'kuyamba kudana ndi munthu, kupatula zochepa monga galu ndi mbuzi. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nanena kuti kuyambira pamenepo munthu azifa. Kufanana kwake ndi Genesis n'koonekeratu: mtendere pachiyambi, dzanja la munthu, kulekana, imfa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Kaphirintiwa Chauta ndiye akuchoka, pamene mu Edene munthu ndiye akubisala, Mulungu n'kumayenda m'munda akuitana, "Uli kuti?"

Ankadziwanso za mdulo kapena tsempho. Munthu akachita zosayenera pa nthawi yoyenera kudziletsa, n'kuthira mchere m'ndiwo kapena kunyamula khanda, wodwala amakhala wina, kawirikawiri wofooka wa m'nyumbamo. Muli nzeru m'menemo imene Akhristu ena a masiku ano ataya, yakuti palibe cholakwa cha munthu mmodzi yekha. Koma mdulo umagwira ngati msampha, sufunsa za mtima, ndipo umakonzedwa ndi mankhwala. Tchimo m'Baibulo limaloza kwa Mulungu mwini. Davide, atatenga mkazi wa Uriya n'kuphetsa mwini wake, anati kwa Mulungu, "Pa Inu, Inu nokha, ndinachimwa." Sankakana kuti analakwira Uriya. Ankavomereza kuti Uriyayo anali ndi Mwini wake.

Kodi kuyesedwa ndi tchimo?

Ayi. Ahebri 4:15 akuti Yesu anayesedwa m'zonse monga ife, koma sanachimwe. Ganizo loipa kubwera m'mutu ndi mlendo wogogoda. Tchimo limayamba mukamuyalira mphasa.

Ndikuopa kuti ndinachitira mwano Mzimu Woyera. Kodi ndingakhululukidwe?

Werengani pamene mawuwo ananenedwa, pa Marko 3:22-30. Alembi anaona Yesu akumasula anthu ku ziwanda, ndipo maso ali tseguke anati ndi mphamvu ya Belezebule, mkulu wa ziwanda. Kumeneko n'kuona kuwala n'kukutcha mdima mwadala, n'kukhazikika pomwepo. Si liwu lotuluka mwangozi mutakwiya, si kukayika, si ganizo lonyansa limene linakudzerani pakati pa pemphero. Petro anakana Yesu katatu, akutemberera ndi kulumbira, ndipo anabwezeretsedwa. Paulo akudzitcha yekha kuti kale anali wamwano. Abusa a mibadwo yonse akhala akunena chimodzimodzi kwa anthu ngati inu: munthu wouma mtima motero sagona tulo tosowa ndi mantha amenewa, ndipo safunsa funso ili.

Ndinabatizidwa, ndinalapa. Bwanji ndimachimwabe?

Chifukwa mlandu ndi umene unachotsedwa, koma nkhondo ikadalipo. Kalata ya 1 Yohane inalembedwa kwa okhulupirira, ndipo ndi kwa iwowo kumene akuti tikanena kuti tilibe uchimo tikudzinyenga tokha, koma tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika kutikhululukira. Luther ankati Mkhristu ndi wolungama ndiponso wochimwa pa nthawi imodzi. Akatolika sanganene motero, amati chilakolako chinasiyidwa kuti tilimbane nacho. Wesley ankayembekezera kuti munthu angafike pa chikondi changwiro m'moyo uno, ngakhale kuti iye mwini sankadzitchula kuti wafikapo.

Pemphero limene Yesu anaphunzitsa ophunzira ake likuika kupempha chikhululukiro pambali penipeni pa kupempha chakudya cha lero, ndipo msonkhano uja wa ku Carthage mu 418 unagwira mfundo yomweyi potsutsa otsatira Pelagius. Panali ena amene ankati anthu oyera akamanena kuti "mutikhululukire mangawa athu" amangonena modzichepetsa, kapena amapempherera anzawo ochimwa. Mabishopu aja anagamula kuti ayi, ngakhale woyera mtima koposa amanena mawu amenewa za iye mwini, ndipo amanena zoona.